Bawuti Yotsala

Galaja yanga ndi malata anayi
otsamira mpanda wa eni nyumba ku Chinsapo.
Ndimo ndinagoneka njinga
tsiku lomwe inatsokomola utsi pamlatho wa Lilongwe
n'kungoti zii,
pasinjala akadali kumbuyo, dengu la tomato pamiyendo.

Loweruka. Magetsi anapita kale m'mawa.
Ndaziona wagwira foni, ndiye nyale yathu,
zaka khumi ndi ziwiri, mkono wosanjenjemera.
"Unika apa. Ayi, tsitsa pang'ono. Pomwepo."

Tiyambe ndi kukhetsa oyilo.
Akutuluka wakuda bii
m'chigubu chodula pakati,
muli tizitsulo tonyezimira ngati mchenga:
ndiyo Kawale imeneyo, ndiyo Biwi, Mtandire,
zitunda za ku Kauma ndi anthu awiri pampando,
mitunda yonse yabwera kudzadontha pano.

Ndamasula ekizosi, kabuleta, chingwe cha kilatchi.
Tcheni wagwa, wadzipinda m'fumbi.
Bawuti iliyonse ndikupatsa mwana,
iye akuyiika m'thireyi ya mazira,
iliyonse dzenje lake,
akuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi.

Imodzi yakana.
Dzimbiri la madzinja atatu laikwatira.
Sipanala yaterereka, chala chasupuka pa fulemu,
ndatulutsa mawu osayenera pamaso pa mwana
ndipo kuwala kwagwedera pakhoma.
Akuseka, wabisa kamwa m'phewa.
Palafini pang'ono. Paipi kusipanala.
Kenako khwee, yalola.

Jeke tilibe. Njerwa zitatu ndi thabwa.
Ndaikumbatira injini, kuipendeketsa, kuitsitsa,
mpweya uli m'mano.
Siiposa thumba la chimanga kulemera
koma ndiyo yalipira lendi zaka zinayi,
yagula yunifolomu, yaika bambo anga m'manda.
Pamene inali patsala bowo,
ndipo m'bowomo ndikuona nkhope ya mwana wanga
tsidya linalo la njinga,
girisi pamphumi.

Lolemba ndinapita wapansi ku Malangalanga
ndi ndalama za banki m'khonde za amake,
zomanga pakona ya chitenje, zowerengedwa kawiri.
Pisitoni, maring'i, gasiketi.
Wogulitsa analumbira kuti n'zenizeni.
Onse amalumbira.

Kuchotsa kumangofuna mphamvu.
Kubwezera kumafuna kupepesa.
Mabowo sakuyang'anana,
ukakweza kutsogolo kumbuyo kwathawa,
msana ukuyaka, thukuta likulowa m'maso.
Zala zanga zonenepa sizikufika pakona,
zake zalowa ngati ulusi m'singano.
"Yagwira, adadi. Pombani."

Sindimanga imodzi n'kumaliza.
Iyi pang'ono, inayo pang'ono, kubwerera,
monga ndimachitira ndi ngongole zanga.

Tcheni pamano ake. Mawaya, wofiira kwa wofiira.
Oyilo watsopano, woyera ngati uchi.
Kiki yoyamba, palibe.
Yachiwiri, yachitatu, yangopumira.
Amake aima pakhomo, manja m'chiuno, osanena kanthu.
Yachisanu ndi chiwiri
malata onse anjenjemera,
galu wa a Chimbalanga wayamba kuuwa,
ine ndikukuwa, sindikudzimva.

Ndiye mwana wandikoka shati.
Wandionetsa thireyi.
M'dzenje lakumapeto mwakhala bawuti imodzi,
yaifupi, ya mutu wa teni,
phee, ngati mlendo woiwalidwa pamphasa.

Tinaunika pansi, m'mbali, kuseri kwa sipuloketi.
Foni inatha moto.
Malo ake sitinawapeze.

Tsopano ndimayenda nayo m'thumba la jekete
pamodzi ndi chenji.
Pabampu iliyonse ya msewu wa ku Likuni
khutu limatsikira pakati pa mawondo,
kumvetsera chomwe chingalire mwachilendo.
Madzulo ndikamalowa pageti
iye amandichingamira asanalandire buledi:
"Yagwa?"
"Sinagwe."
"Mwina inali ya njinga ina."
Ndimavomera ndi mutu.
Tonse tikudziwa kuti anawerenga bwino.